Ndodo Ija Musagule

Mtakataka,
14 Novembala, 2024

Okondedwa achimwene a Mathias,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ku Joniko. Kuno kwatentha monga mukudziwira kwanu kuno, ndipo mango a pamtengo munkagwa uja ayamba kupsa.

Ndodo yoyendera munandilonjeza ija musagule.

Paja adokotala atandipeza ndi BP anati ndizichita masewera olimbitsa thupi, apo ayi nditsatira amayi msanga, ndipo inu munandiumiriza kuti ndipeze jimu yabwino. Ndinaipezadi, ya pamsewu, ya magalasi khoma lonse ndi makina othamangirapo. Koma tsiku lina nditavala buluku la mwana wanga Olivia, nditawerama thukuta lili kamukamu, ndinaona m'galasimo nkhope ya a Yakobo, amuna ake! Achimwene, mkamwini wangayu ngakhale panjira timapatukirana. Iwo anaponya chitsulo pansi n'kuthawira panja opanda malaya, ine n'kubisala kuseri kwa chitseko. Ndinasiya kupitako powapatsa ulemu. Kenaka Olivia anandiuza kuti nawonso anasiya popatsa ulemu ine. Jimu inatsala yokha, BP n'kumakwera.

Anandipulumutsa ndi a Rukia ogulitsa usipa aja. Anandikokera ku kajimu ka amuna awo a Hamidu, kuseri kwa chigayo. Kumeneko kulibe galasi. Zonyamula ndi zitini za penti zothiramo simenti, mpanda ndi waudzu. Koma m'mawa dzuwa lisanalume ndi nthawi ya azimayi okhaokha, a Hamidu eniakewo saloledwa ngakhale kusuzumira. Timadumpha titamanga zitenje zathu, tikuimba nyimbo za pamtondo zimene amayi ankaimba posinja, ndipo nthawi zina misozi imasakanikirana ndi thukuta.

Ukajomba sakusiya. Tsiku lina ndinagonereza, ndikudzinamiza kuti bondo likuwawa. Ndinangomva odi. "Amake Olivia, tamva kuti kuno kwagwa zovuta, tabwera kudzakhuza!" A Rukia amenewo, gulu lonse lili pambuyo likulira maliro abodza. Ndinatuluka ndikuseka, n'kuwatsata.

Tsono imvani. Pa tsiku lopempherera mizimu ya akufa ndinatsika minibasi panjira yokhotera ku Mua. Akabaza anandizungulira. "Tiyeni mami, mtunda uwu si wa msinkhu wanu!" Ndinawakana. Ndinakwera wapansi mpaka kumanda osapumira. Chaka chatha ndinathera pansi pa mtengo, Olivia n'kukandiikira maluwa. Ulendo uno ndinagwada ndekha pamanda a amayi, ndinazula udzu wonse, ndipo ndinadzuka osagwira munthu. Ndinawauza kuti asandiyembekezere msanga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mukabwera pa Khrisimasi tidzakwere mtundawo tonse. Mukadzatopa ndidzakudikirani, monga munkandidikirira ine popita kusukulu. Ndodoyo ngati munagula kale, bweranayoni basi, mwina mudzaifuna ndinu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Bertha