Timipira Tinayi ndi Simbi ya Anaphiri

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku komboni tilipo. Mkazi wa achimwene anga a Lameki anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Fodya chaka chino anachita bwino, malole akututa mabelo kupita nawo ku Karoi. Denga la khitchini yanu likudonthabe. Koma chandilembetsa kalatayi ndi china, ndipo mpaka lero mutu wanga sukugwira.

Paja munandisiyira ntchito yanu kunyumba ya alendo ya pafamu, ine kuchapa, anzanu aja Anaphiri kusita. Dzinja lapitali mvula inakana kukata, mashiti osauma, alendo n'kumadandaula fungo la chinyezi. Ndiye madamu, akazi a eni famu, anagula makina oumitsa zovala. Tsiku loyamba nditangopisamo dzanja, shiti inathetheka, ine n'kumva ngati andiluma mavu. Zovala zinkatuluka zitamatana, ubweya wa pamkono n'kuima. Ndinakana kuwagwiranso makinawo. Madamu anaseka, akuti ndi magetsi amene amabadwa nsalu zouma zikamakhulana.

Pobwera kuchokera ku Harare madamu anandipatsa timipira tinayi ta ubweya wa nkhosa, kukula ngati malalanje, kuti ndizitiponya m'makinamo limodzi ndi zovala. Ndinkayesa nthabwala, amayi. Koma timagunda m'katimo, gu gu gu, kumalekanitsa nsalu kuti mpweya udutse. Kuthetheka kuja kunachepa. Matawulo amene ankauma gwa pawaya ngati chikopa anayamba kutuluka ofewa ngati tsaya la khanda. Mashiti ndikawachotsa akadali ofunda n'kuwapinda pomwepo, makwinya osaoneka.

Apa m'pamene ndinalakwa. Munkandiuza kuti chinthu chikakoma uyambe wameza malovu usanayankhule. Ine ndinanyamula shiti n'kuthamangira nayo kwa madamu. "Taonani madamu, ngakhale simbi siikufunikanso."

Lachisanu lake Anaphiri anaitanidwa ku ofesi. Anawauza kuti ntchito yosita yatha, komanso poti nyumba za ku komboni ndi za ogwira ntchito, apereke kiyi mwezi ukatha. Nditamva, ndinakhala pansi pomwepo pakhonde. Munthu uja munkaima naye pathebulo limodzi zaka zonse zija, mukupemerera makala a simbi, mukupha mazira a mphutsi m'matewera a ana a eni famu. Anabadwira pafamu pompano. Ku Malawi kumene anachokera bambo awo sadziwako ngakhale munthu mmodzi. Ndipo wawachotsa ndi ine, ndi pakamwa panga.

Ndinakagwada kwa madamu. Anapepesa, koma anati sangasunge munthu wopanda chochita. Ndinafuna kukataya timipirato m'damu, kenako ndinaona kuti angogula tina.

Ndinapita kukawaululira Anaphiri. Ndinawapeza akupukuta simbi yawo yakale ija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa, "Mwanangu, shitiyo inali ndi makwinya?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye sunaname. Tiye undithandize kumanga katundu."

Katunduyo sanafike pokwerera basi. Ine ndi Lameki tinamulowetsa m'chipinda chanu. Kapitawo akung'ung'udza kuti nyumba imodzi ndi ya banja limodzi. Ndamuuza kuti ndi amayi anga aang'ono, ndipo akandiitana ku ofesi ndikanena zomwezo, ngakhale ndikudziwa kuti nanenso ntchito ingandithere. Musakwiye kuti akugona pabedi panu. Loweruka lililonse akusita mayunifomu a ana a sukulu a m'komboni, ndipo masana akumulera mnzanu wa dzina uja.

Kumakina kuja ndikupitabe m'mawa uliwonse. Ndimaponyamo timipirato n'kuyatsa makinawo.

Ndikukulonjezani, amayi: nthawi yonse imene kiyi wa nyumba ino ali m'manja mwanga, Anaphiri sadzagona panja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati