Thirakitala Ikubwera ku Dimba

Okondedwa Amayi,

Ndikhala wokondwa kumva kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Ife kuno tili bwino. Mpongozi wanu ndi adzukulu anu ali nawo moyo, kungoti wamng'onoyu akumera mano, ndiye m'nyumba muli nyimbo tsiku lonse.

Ntchito ndikadali pa yomwe ija yoyendetsa galimoto ku kampani ya zaulimi. Kampaniyi imatsegula minda ikuluikulu yothirira kumidzi n'kulemba achinyamata ntchito, akuti asamathawire m'tauni ngati mmene ndinachitira ine. Ndimanyamula a manijala poyendera mindayo. Iwo akalowa kukadya, ine ndimatsala m'galimoto kumeza malovu.

Mwezi wathawu zinthu zinafika pothina. Anachotsa madalaivala anzanga awiri, ndipo a manijala anandiuza pamaso pa anthu kuti wotsatira ndine, ati ndimanunkha thukuta komanso ndimagwera m'maenje ngati ndanyamula mbuzi. Tsiku lina tili pa ulendo ndinawamva akudandaula pa foni kuti akusowa malo okhala ndi madzi chaka chonse. Amayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawauza za dimba lathu.

Tinabwera kudzaliona tsiku lija munapita kuchipatala ndi mng'ono wanga. Pakhomo sindinafike, a manijala anali ndi changu. Ataona mizere ya anyezi ndi ngalande zimene mng'ono wanga anakumba ndi anzake anayi aja, anafunsa kuti amalima pamenepa ndani. Ndinati ndi anyamata ongobwereka malo.

Basi, tinagwirizana kuti kampani itenge dimbalo. Bambo anasiya dimbalo m'manja mwa ine mwana woyamba, ndipo amalume anandichitira umboni. Amalumewo kampani yawalonjeza ulonda wa pageti la mundawo. Ngati masiku ano akukulambalalani panjira, chifukwa chake n'chimenecho, musawafunse angachite manyazi. Thirakitala ifika mwezi uno ukatha. Mitengo ya mango ya m'mphepete ija adzagwetsa yonse, mudzatume ana akatole nkhuni anthu ena asanatole.

Ndikudziwa kuti mng'ono wanga zimuwawa. Zaka zonsezi wakhala akudzikoka m'dimbamo ndi mwendo wake wopuwala uja, mpaka anthu anamupatsa dzina loti Bwana Anyezi. Koma tinene zoona, ubwana wakewo uli pati? Kuthirira mmawa, kuthirira madzulo, nyumba ikadali yaudzu, ngakhale mkazi womutungira madzi sanamupeze. Anzake akewo amamutcha bwana poti dimba ndi la kwathu. Muone mmene amuthawire geti likatsegulidwa.

Musaganize kuti sindinamupemphere malo. Vuto ndi mmene amalembera ntchito, ndaona ndi maso angawa. Amandandika anyamata ndi atsikana padzuwa, aliyense asenze thumba la feteleza, athamange nalo kukafika pa thanki n'kubwerera. Wagwa, kwawo. Kumunda wina kunabwera mtsikana woyembekezera, atamanga mimba ndi nsalu kuti isaoneke. Anagwa chafufumimba pakati pa njira, thumba lili pamsana. Kapitawo anamudzutsa ndi nsonga ya jombo n'kumuuza kuti kampani silemba anthu awiri pa malo amodzi. A manijala anaseka, nanenso ndinaseka. Ndikanatani?

Ndiye anzake anayi aja akhoza kulowa, ndi anyamata amphamvu. Koma nditafotokoza za mwendo wa mng'ono wanga, a manijala anati munda si chipatala. Titayenda pang'ono anasintha maganizo. Anati pa tsiku lotsegulira kudzabwera alendo amene akuthandiza ntchitoyi, ndipo alendowo amakonda kuona olumala ali m'gulu. Choncho adzamuveka ovololo yatsopano, adzaime kutsogolo atagwira khasu, amujambule. Ananenetsa kuti ndodo yake asadzaisiye kunyumba, idzaoneke bwino pa chithunzi. Ovololoyo adzabweza madzulo ake, koma zakumwa adzamwa nawo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mumuuze azule anyeziyo sabata yomwe ino, kaya wakhwima kaya sanakhwime, achotsenso ndowa zake ndi kachisakasa kaja. Asadzayerekeze kugona kutsogolo kwa thirakitala. Kumunda kumene kunagwa mtsikana uja gogo wina anachita zimenezo. Alonda anamunyamula ngati mtolo wa udzu n'kukamuponya mu ngalande, ndipo mdzukulu wake, amene anali atalembedwa kale, anamuchotsa tsiku lomwelo. Kwathuko kukamveka phokoso, woyamba kuchotsedwa ndine. Nanga adzukulu anuwa adzadya chiyani, masamba a anyezi?

Inu amakumverani, Amayi. Mukamugwetsera misozi pang'ono afewa, ndi mmene alili kuyambira ali mwana. Mumuuze kuti kuthamanga kwa magazi kwakuyambaninso chifukwa cha iye. Sangafune kukupwetekani.

Musandione ngati chilombo. Mundawu udyetsa mabanja ambiri a m'mudzimo, ana a anthu apeza pogwira, wodandaula ndi mmodzi yekha. A manijala masiku ano akundiitana dzina langa lenileni, ndipo dzana anandisiyira chakudya chawo chotsala ndili chikhalire osapempha. Zinthu zikuyenda. Ndipo ngakhale mutakwiya, madzi akatayika saoleka.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa mlongo wanga ndi alamu, ndi kwa ana onse. Mpongozi wanu akuti ngati anyeziyo asowa wogula poti ndi wosakhwima, mutumizeko thumba limodzi kuno, asangowolera pakhonde.

Nawenso mng'ono wanga landira moni. Ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi, poti pakhomopo palibe wina wodziwa kuwerenga. Ndikhulupirira wawerenga yonse mokweza, osadumpha mzere. Ngati mawu anakutsamwa penapake, imwa madzi ubwereze, Amayi amve bwino.

Tsalani bwino.

Ndatha ine mwana wanu woyamba,
Dalaivala