Zapadziko Zidikire

Okondedwa achimwene,

Landirani moni inu, alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mwalemba kuti amayi akana kubwera ku malumbiro anga a muyaya. Akuti sangaponde pakhomo pa masisitere amene anandibisira kalata bambo ali kayakaya. Achimwene, manyazi andigwira. Palibe anandibisira kalata.

Chaka chomaliza chino timalowa m'bindikiro wa masiku makumi atatu. Sitilankhula, foni timapereka, makalata amatsekeredwa m'kabati. Tsiku la khumi ndi chiwiri sisitere wamkulu anandiitana mu ofesi. Anandionetsa envelopu yanu, nati mwalembapo kuti n'zachangu, ndipo lamulo likundilola kutsegula. Anandifunsa kawiri konse.

Chitseko chinali chotsegula, anzanga atatu akukolopa pakhonde. Ine ndi mtima wanga uja wofuna kuoneka woyera, umene munkandiseka nawo tili ana, ndinapukusa mutu, n'kulemba pakapepala kuti zapadziko zidikire. Zapadziko, bambo ondibereka! Ndinatuluka mwaulemu manja ali pachifuwa, ndikumva kukoma kuti anzanga aona.

Patapita masiku anayi munaimba foni ku ofesi kunena za maliro a bambo.

Pasiwa paja azakhali atanena kuti masisitere n'ngouma mtima, amabisa makalata, amayi anandiyang'ana kuti ndiyankhe. Ndinangozyolika. Bodza linamera pomwepo, ine n'kulisiya likule miyezi isanu.

Envelopu ija ndinaitsegula nditabwerako kumaliro. Munalemba mawu a bambo, akuti ndipemphe tsiku limodzi lokha adzandione, pemphero ndikapitiriza.

Dzulo ndinaulula zonse kwa sisitere wamkulu. Ndinati sindingalandire mphete paguwa ndili ndi bodza m'kamwa. Sanakalipe. Anangondikankhira pepala ili ndi cholembera.

Chonde achimwene, muwawerengere amayi kalatayi, musadumphe mzere kuti mundiphimbe, ndimakudziwani inu. Ngati akwiye, akwiyire ine mwana wawo. Akabwera, ndidzayamba kugwada kwa iwo ndisanagwade kuguwa. Akakana, ndalandira.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi amalume. Mulungu akusungeni nonse.

Zimene amayi anene, ngakhale atukwane, mulembe momwemo. Yankho likangofika ndidzatsegula pachipata pomwepo, ndili chiimire.

Ndine mlongo wanu,
uja munkamutcha Kamngelo