Chokoleti Si Phala

Bambo a Queen,

Pepani, kukhitchini mupezako ngati kwapalasa nkhuku. Andiimbira kuchipatala kuti mnzanga wadwala, ndiye ndikuthamangira basi ya ku Walsall ndikagwire shifiti yake.

Paja Queen analonjeza anzake a mumsewu muno kuti akamagogoda m'makomo madzulo ano pa Halowini, tsiku lija ana a kuno amayenda kupempha maswiti, kwathu apezako timizukwa ta mashimelo, maswiti oyera ofewa aja. Chaka chatha tinazimitsa magetsi n'kukhala phee ngati tachokapo, ndipo mwanayu anzake anamuseka kusukulu mpaka analira. Chonde zisachitikenso.

Ine ndalakwitsa kale. Chokoleti chitayamba kulimba mupoto, ndinathiramo madzi monga timachitira ndi phala. Mayo ine, chaundana ngati dothi la pachulu! Musachitaye, mudya ndinu.

Chokoleti china chili pamwamba pa fuliji. Muchiphwanyire m'mbale youma, mbaleyo muikhazike pa poto wa madzi otentha, muzitakasa pang'onopang'ono. Musagwere ngakhale dontho la madzi. Chikasungunuka, mubaye mashimelo ndi timitengo tija, muwaviike, muwayale pathireyi kuti akaume mufuliji. Uvuni musayatse n'komwe. Zojambula maso mumusiyire Queen, ndiye akudziwa mmene mzukwa wa kuno umaonekera.

Ndikudziwa muzing'ung'udza kuti ndi zaufiti. Ndi maswiti chabe, bambo. Ana akagogoda mutsegule chitseko, mumwetulireko, osaima njo ngati mlonda.

Basi indisiya ine. Getsi la pakhomo ndalisiya loyaka dala, musalizimitse.

Ndine wanu,
Sellina