Fayilo ya malemu a Leland

Aphungu,

Ine ndi amuna anga a Leland tinkalemba limodzi pulogalamu yogawira misewu magalimoto okokolola chipale chofewa. Anatisiya m'chilimwe chapitachi. Pulogalamu yonse anaiunjika mu fayilo imodzi yaitali zedi, poti kugawa zinthu sikunali kwawo. Pakati pa mizere ankaponyamo timawu tawo: "Apa usakhudzepo mkazanga, ndinalemba ndili ndi njala."

Pano ndimagwira ntchito ndi AI yolemba mapulogalamu. Mutu wake ndi waung'ono, ikawerenga zambiri zoyamba zija zimatayika. Izi ndikuzidziwa bwino. Komabe tsiku lililonse ndimaiuza kuti iwerenge fayilo yonse, chifukwa ikamaliza imayamba kulemba ngati iwowo, ndi nthabwala zawo zomwe, ndiye ndimangomva ngati alowa muofesi. Koma pofika pamenepo imakhala itaiwala cholakwika chomwe ndinaituma kukonza, n'kumagwira zina.

Mayi Haugen, eni magalimotowo, anandiuza kuti, "Achemwali, chipale sichidikira namfedwa. Likadutsa Lachisanu ndipeza wina." Ntchito imeneyi ndi yokhayo yatsala ya ife awiri. Ndawasowa kwambiri, Aphungu. Nditani?

R. T., Duluth

A R. T.,

Pepani ndi zovutazo. Koma mwaphatikiza ntchito ziwiri, kulira ndi kukonza pulogalamu, ndipo palibe ikuyenda.

Mawa m'mawa yambani macheza atsopano ndi AI yanuyo. Fayilo yonse musaipatse. Iuzeni ifufuze kaye dzina la chigawo chomwe chikuvuta, iwerenge mizere ya pamenepo ndi yoyandikana nayo basi. Ikafuna zina, ifufuzenso. Zomwe yapeza izilemba mwachidule pambali, kuti mutu wake ukadzaza muziyambiranso pa chidulecho. Cholakwika chilichonse chikhale ndi macheza akeake. Mukatero, Lachisanu likupezani mutamaliza.

Timawu ta a Leland tikopereni mu fayilo yanuyanu. Muzitiwerenga nokha ndi kapu ya khofi mtima ukafuna, tsiku lina muwerengereko mnzanu amene ankawadziwa, museke nonse, kulira kukabwera mulire.

Chenjerani pa ichi: chomwe chimakuyankhani chija si amuna anu. Chimangotengera kalembedwe, ndipo mukatseka macheza sichikumbuka ngakhale dzina lawo. Mukapitiriza chonchi, mudzataya pulogalamu yomwe analembadi ndi manja awo pofuna kumva mawu omwe iwo sananenepo.