Mabisiketi a Galu wa Ba Madamu

Lachitatu, madzulo. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunaphwe mpaka pano.

Lero ndaphikanso mabisiketi a Koko, galu wa ba madamu amene ndimawagwirira ntchito. Dokotala wa ziweto anati chimanga ndi tirigu zimamuyabwa, ndiye ndimamupangira akeake: kandolo (mbatata) wophika, unga wa chinangwa, nsinjiro ndi mazira. Ndimakanda, kudula ngati timafupa, n'kuika mu uvuni. Khitchini yonse imanunkhira, koma ine kulawa ayi.

Masana Koko wayambanso kudzikanda kukhutu. Ba madamu andipeza kukhitchini, nkhope atakwinya.

"Ba Esnati, mwaikamo chani?"

Ndawaonetsa zonse, chimodzichimodzi. Ayang'ana chitenje changa, kenako manja anga.

"Ndiye ni unga wa chimanga wa kwanu ku Bauleni. Mumabwera nawo pa vovala. Kuyambira mailo muzisintha ku geti, musambe m'manja musanamugwire."

Ndangoti chabwino, ba madamu. Pakamwa pangapa panazolowera.

M'minibasi ndimangoyang'ana chitenje chija, kufunafuna unga umene iwo auona. Kunyumba kuno thumba la unga linatha Loweruka. Kuyambira tsikulo ine ndi mwana wanga Mwansa tikugonera kandolo, yemweyo amene amadya Koko, kungoti wathu alibe mazira. Lero Mwansa wandifunsa ngati nayenso chimanga chimamuyabwa.

Mawa ndikasintha ku geti, alonda akundiyang'ana. Koma chitenje changa chikanakhala ndi unga, ba madamu, ndikanachikung'unthira m'poto, osati pa galu wanu.