Madzi a Lachinayi

Lamulungu, 6 Julayi
Misa yaitali. Wansembe wathu, Abuna Semaan, ndi ulaliki wawo womwe uja: dziko likutentha, akasupe akuphwa, woyamba kulira ndi wosauka. Ngati kuti ife a ku Bekaa timadikira wansembe kuti tidziwe kuti chaka chino paphiri sipanagwe chipale chofewa. Zenizeni anazisungira kumapeto. Madzi a Lachinayi a pachitsime cha tchalitchi azipita kumatenti a Asiriya othawa nkhondo, kumunsi kwa msewu. Lachinayi ndi langa. Chiyambire, ngalande imatsegulidwira maapozi anga tsiku limenelo.

Lachinayi, 10 Julayi
Ngalande gwa. Masamba ayamba kufota. Abuna ndawapeza pachitsime, mkanjo atapinda, akudzaza zigubu. Akuti, "Umm Jirjis, ana kumunsi uko akumwa za m'zithaphwi." Ndati, "Abuna, inu ana mulibe, mitengo mulibe, n'chifukwa chake kugawa sikukuwawani." Iwo n'kupitiriza kudzaza zigubu. Mwana wa dzana, ndevu zokha.

Lamulungu, 13 Julayi
Ku Misa sindinapite. Ndangopemphera korona pakhonde. Mlamu wanga Nohad akuti anthu akundinena. Anene. Osauka, osauka. Nanga wamasiye wa mitengo yofota ndi wolemera? Kapena umphawi umayamba ukagona mutenti?

Lachiwiri, 15 Julayi
Kwa akuluakulu oyang'anira munda wa tchalitchi. Ndalalata mpaka mawu kusasa. Ndawauza kuti munda wawowo umamwa Lolemba ndi Lachisanu osaphonya, wofuna kuchita chifundo ayambe ndi zake.

Loweruka, 19 Julayi
Makina ochekera mitengo tsiku lonse. Abuna agwetsa maapozi onse a tchalitchi. Madzi a Lolemba ndi Lachisanu kumatenti, Lachinayi labwerera kwa ine. Akuti popanda madzi mitengo iuma ndithu, bola nkhuni zake zidzathandize anthu kukazizira. Palibe anawauza kuti mitengoyo anabzala ndi malemu mwamuna wanga Nakhle, chaka chimene tinakwatirana. Ine ndinati madzi. Sindinati mudule.

Lachinayi, 24 Julayi
Madzi afika m'mawa. Nohad akuti ndapambana. Kumunda sindinapondeko.
Masana, ngolo ya nkhuni pakhomo. Gawo la amasiye, akutero. Ndatola chikuni chimodzi, pomezanitsa pakuonekabe. Nakhle ankadula mopendeka, ndi dzanja lamanzere. Kuzikoleza sindingathe, kuzibweza sindingathe. Wansembe ameneyu ndikudana naye. Mitambo yachita bii kuphiri koma ndi fumbi chabe, komabe ndazilowetsa m'nyumba, zonse, ndekha.